Timu ikamamira, tiiphwasule kapena tipitirize kumenya nkhondo? Lipoti la sizoni imodzi ndi theka

Ndikulemba nkhaniyi pano mitima itazizirako, chifukwa ndikanalemba nthawi imene zinkachitika ija bwenzi zili zotukwana zokhazokha. Dzina la timu sinditchula, la tcheya sinditchula, osewera ndiziwatchula ndi malo amene amasewera basi. Amene mwazindikira timu yake khalani chete. Ine moyo wanga wonse ndi wa mpira, ndinayamba ngati kochi wa ana, kenako wothandizira kochi wa timu yaikulu, ndipo pa nkhani ino anandiitana ngati mkulu woona za luso, amene ndi munthu wokhala pakati pa kochi ndi komiti nkumatukwanidwa mbali zonse ziwiri.

Foni inalira ndime yoyamba ya ligi itangotha kumene. Timu inali yachitatu kuchokera pansi, ndipo mu ligi imeneyo matimu atatu akumapeto ndi amene amatuluka, nde mukuona kale kuti nkhwangwa inali pakhosi. Iyi ndi timu yoti m'mbuyomu inanyamulapo chikho, masapota ake ndi ambiri komanso aukali, anthu oti mukalepherana ndi timu ina pakhomo amakhala ngati kwagwa maliro. Mawu oyamba a tcheya anali akuti, "Akochi, tiuzeni chinthu chimodzi basi, tiwachotse onsewa tiyambirenso ndi ana, kapena tigule anthu anayi odziwa mpira kuti tipulumuke?" Ine ndinati bwana tcheya, ndipatseni masabata awiri ndi makiyi a kabati imene mumasungamo makontrakiti. Anaseka, iwo ankayembekezera kuti ndipempha mavidiyo a magemu. Mavidiyo ndinaonera ndithu, onse, koma nkhani yeniyeni inali mu kabati muja.

Zimene ndinapeza

Pa bwalo timu sinali yoipa ngati momwe tebulo linkanenera. Mphindi 60 zoyambirira inkasewera mpira wooneka, mpira pansi, anthu odziwa kuima pamalo. Ikakwana mphindi ya 65 miyendo imatha, mzere wakumbuyo umayamba kubwerera mpaka kulowa mu bokosi mwawo, apakati osathanso kubwerera, nde pakati pamatsala chibwalo chonse choti mdani azingoyendamo. Zigoli zambiri zimene anawachinya zinali za kumapeto kumeneku. Munthu ukaona zotere sufunsanso kuti vuto ndi chani, umangofunsa zaka za anthu. Goloboyi 35, kaputeni amene amatchinga kumbuyo pakati 34, wapakati wotchinga 33, womwetsa zigoli 32 ndipo bondo lake linali loti akasewera Lamulungu, Lachiwiri satha kukwera masitepe.

Koma ukalamba pawokha si mlandu, matimu ambiri ali ndi ankhalakale ndipo amachita bwino. Chimene chinandidabwitsa ine nchakuti pansi pa ankhalakalewa panalibe anthu. Osewera a zaka 24 mpaka 28, amene ndi msinkhu woti munthu ali ndi mphamvu komanso nzeru za mpira zafika, analipo awiri okha timu yonse, ndipo mmodzi anali wovulala. Kuchoka pa madala aja umangogwera kwa ana a zaka 17 mpaka 20 a ku timu yachisodzera. Ndinafufuza kuti anthu apakatiwa anapita kuti, nde ndinapeza kuti kwa masizoni anayi otsatizana komiti inkachita chinthu chimodzimodzi, msika wa osewera ukatsegulidwa timu ili pamavuto, amathamangira munthu wa dzina woti masapota amudziwa, kumupatsa ndalama yosainira yambiri ndi kontrakiti yaitali, kenako ndalama yowonjezerera kontrakiti ya mnyamata wa zaka 25 amene wakulira pa timu pomwepo imasowa, mnyamata uja kontrakiti ikatha amanyamuka ulele. Chichokereni chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa wosewera Bosman mu 1995 wosewera amene kontrakiti yake yatha sumugwiranso mwendo, aliyense amadziwa zimenezi, koma timu iyi inataya anthu otere mmodzimmodzi osalandirapo kanthu.

Nde kabati ija inali yozondoka. Madala ena a miyendo yotha anali ndi zaka ziwiri zotsala pa makontrakiti awo, womwetsa zigoli wa bondo uja ndiye amalandira kuposa wina aliyense, pamene ana atatu amene ndinaona kuti ndi tsogolo la timu, awiri makontrakiti awo amatha sizoni yomweyo ndipo wachitatu analibe pepala lina lililonse, amangolandira ya thiransipoti. Pamwamba pa zonsezi malipiro anali atatsalira miyezi iwiri. Apa ndinawakhazika pansi a msungichuma nkuwakumbutsa kuti mu malamulo a FIFA muli ndime ya 14bis, inalowa mu 2018, imene imati timu ikalephera kulipira wosewera miyezi iwiri, iye akalemba kalata yochenjeza nkupereka masiku 15, timu osalipirabe, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti nkumapita, mwinanso nkukusumirani ndalama yonse yotsala. Tinali ndi osewera awiri ochokera kunja oti akanatha kupita molunjika ku FIFA, ndipo timu ikagonja mlandu wotere nkulephera kulipira imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano. Ndiye kuti onse amene ankakangana zoti tigule kapena tisagule sankadziwa kuti kalata imodzi yokha ikanatitsekera msika tonse.

Pali kanthu kena kamene sikalembedwa mu kabati, ndinakaona Lachiwiri loyamba ku tirening'i. Ankasewera kagemu ka anthu asanu mbali iliyonse, mwana wa zaka 19 wapakati, wowonda ngati bango, analandira mpira atapereka msana, anatembenuka kamodzi nkumudutsitsa mpira pakati pa miyendo wapakati wa zaka 33 uja. Mpira wotsatira mwana uja anamutchetcha kumbuyo kwa akakolo mpaka anagubuduzika. Palibe anayankhula, kochi anayang'ana kumbali, mwana anadzuka yekha nkupepesa, eti iyeyo ndi amene anapepesa. Tirening'i itatha ana aja ndi amene anatola makoni ndi mipira, nkukakhala paokha kuseri kwa golo kumamwa madzi, madala ali pa benchi pamthunzi. Ndinalemba mu kabuku kanga kuti apa pali matimu awiri ovala yunifomu imodzi.

Mkangano wa mu komiti

Tsiku lopereka lipoti komiti inali itagawikana kale. Mbali ina a msungichuma, munthu wowerenga kwambiri za mpira wa ku Ulaya, iwo amafuna kuphwasula zonse, achoke madala onse, tisewere ndi ana, olo titatuluka mu ligi tidzabwerera tili amphamvu. Mbali inayi woimira masapota mu komiti, iye amati timu ya dzina ngati iyi singakhale sukulu ya mkaka, tigule anthu anayi odziwika basi nkhani ithe.

Ndinayamba ndi a msungichuma chifukwa maganizo awo ndi amene amamveka anzeru, ndiye ndi oopsa kwambiri. Nkhani iyi yoti timu igonje dala kwa kanthawi kuti imangidwenso inatchuka kuchokera ku America, ndipo kumeneko ili ndi mutu chifukwa ligi zawo zazikulu sizitulutsa timu, komanso timu imene yathera pansi ndi imene imakhala ndi mwayi waukulu woyamba kusankha osewera abwino ochokera ku makoleji. Philadelphia 76ers ya basketball mu sizoni ya 2015/16 inapambana magemu 10 okha pa 82, mphotho yake inasankha koyamba nkutenga Ben Simmons. Cleveland Browns ya mu NFL, ligi ya mpira wa chiAmerica, inagonja magemu onse 16 mu 2017, chaka chotsatira inali mu ligi momwemo, ndalama za TV ikulandira chimodzimodzi, nkusankhanso koyamba. Mpira wathu wamiyendowu ukathera pansi palibe amakupatsa mwana waluso, amakutsegulira chitseko basi, siponsa amachoka kapena kudula ndalama, anthu olipira pa geti amachepa, ndipo ana amene umati ukumanga nawo timu aja ndi oyamba kutengedwa ndi matimu amene atsala mmwamba. Mawu oti tidzabwerera ndi osavuta kuyankhula mu ofesi. Sunderland inatuluka mu Premier League mu 2017, chaka chotsatira inatulukanso mu ligi yachiwiri. Hamburg inatuluka mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, koyamba mu 2018 anthu nkumati ndi za chaka chimodzi izi, inabwerera mu 2025.

A msungichuma anati nanga Manchester United ya 1995, mesa kochi Ferguson anagulitsa Ince, Hughes ndi Kanchelskis nkuika ana, Alan Hansen nkunena pa TV kuti sungapambane kanthu ndi ana, mapeto ake anatenga ligi ndi FA Cup? Ndinati zoona, ndipo gemu yoyamba anagonja 3-1 kwa Aston Villa, koma tawerengani amene anaima mozungulira ana aja. Pagolo Schmeichel, kumbuyo Bruce, Pallister ndi Irwin, pakati Keane, kutsogolo Cantona atabwera ku chilango mu October. Beckham, Scholes, Butt ndi ana a Neville aja sanasiyidwe okha pa bwalo ayi, anawalowetsa mu nyumba yoti mizati inalipo kale. Dortmund nayonso imene anthu amakonda kuitchula, inatsala pang'ono kugwa ndi ngongole mu 2005, inathera pa nambala 13 mu 2008, kochi Klopp anabwera chaka chomwecho kuchokera ku Mainz, koma sanatenge ligi mawa lake, anathera pa 6, kenako pa 5, ligi anadzatenga mu 2011. Zaka zitatu, ndipo nthawi yonseyo Weidenfeller anali pagolo, Kehl anali kaputeni, anthu oti anali pa timupo kuyambira 2002. Ana ngati Hummels, Subotić, Götze ndi Kagawa amene anamugula motchipa kuchokera ku Cerezo Osaka ankalowa mmodzimmodzi. Amene anayesa kuthira ana ambiri nthawi imodzi timu ili kale pamavuto ndi Southampton mu 2022/23, Bazunu pagolo ali ndi zaka 20, Lavia pakati ali ndi 18, ena angapo achisodzera, ana aluso ndithu, koma makochi atatu sizoni imodzi ndipo anathera pansi penipeni.

Woimira masapota uja apa anali akugwedeza mutu mokondwa, amaona ngati ndili mbali yake, nde ndinamutembenukira. Ndinati achimwene, njira yanuyi ndi imene yatifikitsa pano, mwaiyenda kanayi kale. QPR mu 2012/13 inasonkhanitsa maina, Júlio César, Park Ji-sung, Bosingwa, mu January nkuwonjezera Rémy ndi Samba, sizoni yonse inapambana magemu anayi nkuthera pansi. Ndipo za kubwereka ndalama pofuna kukhalabe pamwamba funsani a Leeds United, anafika semifainolo ya Champions League mu 2001, anabwereka £60 million podalira ndalama za pa geti za mtsogolo, atalephera kubwereranso mu Champions League anayamba kugulitsa, Rio Ferdinand anapita ku Manchester United mu 2002, mu 2004 anatuluka mu Premier League, mu 2007 anali mu ligi yachitatu, kubwerera mmwamba mpaka 2020. Iwo bola anali ndi Ferdinand woti agulitse. Ife tikagula madala ena anayi, chaka chamawa tidzagulitsa ndani?

Tcheya anatopa nane, anati akochi mwakana uku mwakana uku, mesa mapanga awiri avumbwitsa? Ndinati bwana, sindikuima pakati, ndikunena kuti funso lanu lija lili ndi nthawi ziwiri mkati mwake. Pa bwalo Loweruka lililonse tikumenya nkhondo ya mapointi, pamenepo palibe zokambirana chifukwa ligi yotulutsa matimu silola munthu kupuma. Kumanganso timu kuchitikira mu kabati ya makontrakiti, ndipo kumeneko tiyamba lero lomwe. Ndalama imene mumafuna kusainira anthu anayi ija tilipire malipiro otsalira, tisainitse ana atatu aja makontrakiti aatali asanatitengere ena, titenge munthu mmodzi yekha pangongole kuchokera ku timu ina, wa msinkhu wapakati amene angathamange mphindi 90 pakati, ndipo dala aliyense amene kontrakiti yake ikutha asawonjezeredwe zoposa chaka chimodzi. Chinanso ndinapempha kuti alembe mu maminitsi kuti kochi sachotsedwa mpaka sizoni ithe olo titagonja atatu otsatizana, chifukwa kochi amene akuopa ntchito yake saika mwana pa bwalo, amathamangira dala amene amamudziwa. Anavomera monyinyirika, woimira masapota anatuluka osatsanzika.

Zimene tinachita, ndi pamene ndinalakwitsa

Zoyambirira zinayenda. Malipiro atalowa nkhope zinasintha ku tirening'i, zimenezi musazipeputse, munthu amene kunyumba akumufunsa za lendi sathamanga mphindi ya 80. Ana atatu aja anasaina, wa zaka 17 tinamupatsa zaka zitatu chifukwa malamulo salola kupitirira apo kwa mwana wosakwana 18, enawo zinayi. Womwetsa zigoli wa bondo uja tinakhala naye pansi kawiri, ulendo woyamba anatuluka atakwiya, wachiwiri anabwera ndi ejenti wake tinagwirizana kuthetsa kontrakiti pomupatsa gawo la ndalama zotsala, zinatiwawa mthumba koma malipiro ake okha amakwana ana angapo. Masapota anatukwana sabata yonse pa Facebook, ena mpaka kulemba kuti ine ndatumidwa ndi timu ina kudzagwetsa timu yawo kkk.

Kulakwitsa kwanga kunabwera gemu yachinayi ya ndime yachiwiri. Zonse zimene ndinawalalikira a msungichuma za mizati zija ndinaziiwala ndekha. Tinali titapambana imodzi nkulepherana ziwiri, mwana wowonda uja akusewera bwino pakati limodzi ndi wapangongole, nde mtima unakwera, ndinamunyengerera kochi kuti tiike goloboyi wa zaka 19 komanso tipumitse kaputeni nthawi imodzi, mmalo mwake alowe mnyamata wa zaka 20 wothamanga kwambiri. Pa pepala zinali zomveka, mzere wakumbuyo ukwere mmwamba, tisamabwererenso mu bokosi. Kochi anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti akulu, onse awiri? Ndinati onse awiri.

Magemu atatu, pointi imodzi. Imene sindidzaiiwala ndi yachitatuyo, tinali koyenda, 1-1, mphindi ya 88, mdani anapeza kona. Ndinali pa benchi ndikuona bokosi lathu lili zii, palibe akukuwa, palibe akuloza kuti iwe gwira uyu iwe ima apa, ana asanu ndi mmodzi aliyense akuyang'ana mpira. Goloboyi anatuluka masitepe awiri, anaima, anafuna kubwerera, mpira unamudutsa pamwamba pa zala, munthu amene anaumenya ndi mutu kumbuyo kwake anali yekhayekha ngati akudikira basi. Oyimbira atamaliza gemu mwana uja anakhala pansi pa mzere wa golo magolovesi ali kumaso, ndipo munthu woyamba kufika pamene anali ndi kaputeni amene ndinamuika pa benchi uja, atavala bibu, anamudzutsa pomugwira khosi la jezi nkumuyendetsa mpaka ku chipinda chovalira akumuyankhula kukhutu.

Lolemba ndinamuitana kaputeni, tinakhala pa benchi ya ku tirening'i anthu onse atapita. Ndinati madala, ndinalakwitsa. Iye sanandinyoze, anangoti, "Akochi, ine ndikudziwa kuti miyendo yanga yatha, mwana uja amandiposa liwiro kawiri, sindikukana. Koma pa kona paja sipafunika liwiro, pamafunika pakamwa. Mundiike pambali pake ndizimuuza poima, iye azithamanga mmalo mwanga." Ndinamufunsa za nkhani yotchetcha ana ku tirening'i ija, chifukwa inali ikundidyabe, anati nayenso sizimamusangalatsa koma anthu amachita mantha, dala aliyense akaona mwana waluso amaona kalata yake yochotsedwa ntchito, ndipo palibe wa komiti anabwerapo kudzawauza chilungamo kuti mawa lawo ndi lotani. Apa anandiphunzitsa ntchito yanga. Sabata yomweyo ndinakumana ndi ankhalakale onse mmodzimmodzi, aliyense ndinamuuza mosabisa, iwe sizoni ino ndi yomaliza, iwe tikupatsa chaka chimodzi koma udziwe kuti magemu ena uziyambira panja, iwe ngati ukufuna maphunziro a ukochi timu ikulipirira. Mmodzi anakwiya nkusiya kubwera, enawo anapepukidwa, wapakati wa zaka 33 amene anatchetcha mwana uja mpaka anayamba kutsala naye tirening'i ikatha kumuonetsa momwe angatetezere mpira ndi thupi.

Tinasintha kaimidwe, atatu kumbuyo, kaputeni pakati, anyamata awiri othamanga mbali zake. Goloboyi wamkulu anabwerera pagolo mu ligi, wa zaka 19 tinamupatsa magemu a chikho kuti asafe mtima. Lamulo limene tinagwirizana ndi kochi linali losavuta, pa mzere wodutsa pakati pa timu, kuyambira goloboyi, wotchinga pakati, wapakati mpaka womwetsa zigoli, tisasinthe anthu oposa mmodzi nthawi imodzi. M'mbali ndi momwe timayeseramo ana momasuka, chifukwa mwana akalakwitsa ku mzere wa m'mbali pamakhalabe anthu omukonzera, akalakwitsa pakati mpira ukatoledwa mu ukonde.

Sindinama kuti kuyambira pamenepo tinayamba kukwapula aliyense ngati Leicester ija ya 2015 imene inapambana magemu 7 pa 9 omaliza nkupulumuka. Ife zinali za 1-0, 0-0, 1-1, mpira wosakoma kuonera, masapota ena amatuluka gemu isanathe. Chimene chinasintha nchakuti zigoli za kumapeto zija zinachepa, chifukwa pofika mphindi ya 65 tinali ndi miyendo yatsopano yolowetsa yoti kochi amaikhulupirira. Panali sabata ina titagonja awiri otsatizana tcheya anandiimbira usiku kuti pali kochi wina ali okonzeka kubwera mawa, ndinangowawerengera maminitsi aja pa foni. Tinapulumuka kutatsala gemu imodzi, ndi kulepherana kwa 0-0 koyenda, kaputeni anamaliza gemu imeneyo bandeji ili kumutu.

Sizoni yotsatira

Apa ndidutsa mwachangu chifukwa zambiri ndi zimene munthu angayembekezere. Madala atatu anapita makontrakiti atatha, palibe amene tinamulipira chipukuta misozi. Ndalama ya malipiro awo tinatengera anthu atatu a zaka za pakati pa 23 ndi 26 ochokera ku matimu ang'onoang'ono, maina oti masapota anafunsa kuti amenewa ndi ndani. Goloboyi wachisodzera uja ndi amene akudaka pano, ndipo amakuwa mpaka mawu kusasa. Pamene ndikulemba pano tili pakatikati pa tebulo, sitikuopa nkhwangwa, sitikulota chikho.

Mwana wowonda uja tinamugulitsa pakati pa sizoni ku timu ya kunja. Zinandiwawa, ndipo masapota anali ndi mfundo pofunsa kuti nde kumanga timu kwake nkuti ngati mukugulitsa njerwa. Koma kusiyana kwake ndi kale nkwakuti uyu anapita ali ndi zaka zitatu zotsala pa kontrakiti, nde mtengo tinanena ndife, ndipo tinaikamo ndime yoti akadzagulitsidwanso timu idzalandira gawo, kuphatikiza pa 5 peresenti ija imene malamulo a FIFA amagawira matimu amene anamulera wosewera akamasamuka dziko ndi dziko. Chaka chimodzi m'mbuyomo mwana yemweyu akananyamuka ndi chikwama chake chokha.

Vuto limene ndili nalo pano ndi ndalama yomweyo. Chilowereni mu akaunti, matenda akale ayambiranso, woimira masapota uja anabwerera mu komiti ndipo akuyenda ndi dzina la womwetsa zigoli wina wa zaka 31 amene akuti akabwera tidzapikisana nawo pa ligi chaka chamawa. Tcheya akumvetsera, ndikuwaona maso. Ine ndapereka pepala langa loti theka lipite ku timu yachisodzera ndi bwalo la tirening'i limene mvula ikagwa limasanduka dambo, gawo lina tisunge la malipiro a miyezi itatu kuti nkhani ya 14bis ija isadzabwerenso, lotsalalo ndiye tigule womwetsa zigoli koma wosapitirira zaka 26. Mwina ndikulakwitsanso ngati momwe ndinalakwitsira pa goloboyi paja, timu siingakhale pakati pa tebulo mpaka kalekale ndipo nthawi ina umayenera kuponya ndalama kuti ukwere, ine ndikungoona kuti nthawiyo ndi sizoni inayo, ana awa akadzafika magemu 50 aliyense.

Kaputeni kontrakiti yake ikutha sizoni ino. Ali ndi zaka 35 tsopano, magemu ena amayambira panja, satifiketi yoyamba ya ukochi anatenga. Ndinamupatsa chaka chimodzi chosewera kenako alowe ku timu yachisodzera ngati wothandizira kochi, iye akufuna ziwiri zosewera. Lamulo la chaka chimodzi lija ndinalemba ndine ndemwe, ndipo ndikalithyola pa iyeyu mawa ejenti wa dala wina aliyense adzabwera nalo pakhomo. Dzulo tinakhalanso pa benchi yomwe ija, anandimvetsera mpaka kumaliza, anatenga pepala nkulipinda kanayi, kuliika mu sokosi, nkunena kuti akochi ndikayankha Lachisanu tikamenya gemu ya Lachitatuyi.